Timadontho ta Duwa la a Peterson

Kunyumba kwa a Reginald ndi akazi awo a Enid, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, tebulo lodyera linasiya kalekale ntchito yake. Chibwerereni kamera ya digito kuchokera kwa achimwene awo ku Joni mu 2006, tebulolo linasanduka situdiyo: apa kompyuta, apa mawaya, apa maenvulopu a zithunzi za maukwati. Banja lonse, ndi mwana wawo Stacy yemwe, linkadyera pamiyendo ngati lili padepoti ya basi. A Enid anadandaula mpaka kukamwa kuuma, kenako anangozisiya.

Mkati mwa sabata a Reginald anali mphunzitsi wa kusekondale, koma Loweruka ankasanduka wojambula, ndipo dzina lawo linamveka ku Bvumbwe, ku Thekerani mpaka kwa Mphuka. Chimene chinawatchukitsa sikunali kujambulako ayi, pakuti ankajambula mwaphuma ngati wina akuwathamangitsa. Luso lawo linali pa kompyuta. Mkwatibwi wa ziphuphu ankatuluka pachithunzi ali see ngati dzira. Apongozi a makwinya ankabwerera kuutsikana. Ngakhale mphini zimene munthu anatemedwa ali khanda zinkasowa osasiya mkwasa. Anthu ankazikonda zimenezi, ndipo a Reginald anafika pokhulupirira kuti palibe chimene kamera ingalakwitse choti kompyuta n'kulephera kuchiwongola. Pakamwa pawo sipankachoka mawu atatu akuti, "Tikakonza pa kompyuta." Ndinene mosapsatira, mawu amenewa ndiwo anadya kamsitu ka pa esiteti paja.

Kamsituko kanali kumtunda kwa minda ya tiyi, kachigamba ka mitengo yachilengedwe kamene nkhwangwa za makedzana zinakalambalala. Mkati mwake munkatumphuka kasupe amene anthu a kumalayini, kumene kumakhala antchito, ankatungako madzi chaka chonse, ngakhale mu Okutobala. Koma fakitale ya tiyi imadya nkhuni usana ndi usiku, ndipo akuluakulu a kampani anagwirizana zodula kamsituko n'kudzalapo bulugamu. Munthu aliyense wa ku Thyolo amadziwa kuti bulugamu akafika, kasupe amatsanzika.

A Enid ndiwo ankayang'anira za nkhalango pa esitetiyo. Analankhula m'misonkhano, analemba makalata, mpaka bwana wamkulu anatopa nawo n'kuwatsegulira khomo limodzi lokha. Ogula tiyi a kunja ankakana tiyi wa esiteti imene yawononga malo a zomera zosowa.

"Mundibweretsere umboni wolembedwa ndi katswiri kuti mumsitumo muli chomera chosowa, Febuluwale asanathe," anatero bwanayo. "Ukabwera, kamsitu kanuko palibe adzakakhudze. Ukapanda kubwera, mvula ikangotha macheka akulowa."

Umboniwo unalipo, ndipo woudziwa anali a Peterson, mlonda wa kamsituko. Anali bambo wa imvi, wobadwira kumalayini konko, makolo awo anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi a Peterson ankayendera mtengo umodzi wa pafupi ndi kasupe. Pakhungwa pake panamera kachomera ka mtundu wa okidi, maluwa aja omata pamitengo osafuna dothi. Kankachita maluwa kamodzi pachaka, mu Januwale, timaluwa toyera tosaposa chikhadabo cha chala chakanise, ndipo pakatha masiku asanu timakhala tafota. A Enid anaimbira foni katswiri wa zomera ku Zomba. Iye anati maokidi oyera oterowo ndi ambiri ndipo ochuluka ndi wamba, koma pali mtundu umodzi wosowa zedi. Kubwera sakanatha mwezi umenewo. "Munditumizire chithunzi chapafupi, chooneka bwino mkati mwa duwa, lili pamtengo pake pomwepo," anatero. "Ndikaona mkatimo ndidziwa."

Maluwa anatseguka Lachinayi, atatu okha. Tsoka lake, Lachisanu a Enid ankanyamuka kupita ku maphunziro a sabata yathunthu ku Lilongwe. Atakonza chikwama anaima kutsogolo kwa tebulo lija.

"Bambo a Stacy, chonde, uwu si ukwati. Mupite Lamlungu, mukakhale tsiku lonse ngati n'kofunika. Mutengenso chija cha miyendo itatu choimikapo kamera, mumsitu muja ndi mwamdima."

"Mayi a Stacy, ine ndajambula akwatibwi olira, ana othawa, akwaya ovina," anayankha a Reginald maso ali pa kompyuta. "Ndiye kaduwa kandivute? Sikathawa, sikaphethira. Loweruka m'mawa ndidutsirako ndisanapite ku ukwati wa ku Bvumbwe. Maminitsi teni akwana."

"Madzi a anthu onse a kumalayini ali pa chithunzi chimenechi."

"Ndamva, mayi. Ingondisiyirani imelo ya katswiri wanuyo."

Loweruka linacha ndi nkhungu, mitengo ikudontha. A Peterson anali atafika kale pakasupe. Cha m'ma eyiti anaona munthu akubwera monyang'ama, atavala suti ya kirimu ndi nsapato zosongoka, dzanja lina litanyamula miyendo ya buluku kuopa matope. Kamera inali pakhosi. Cha miyendo itatu chija chinatsala kuseri kwa chitseko, chifukwa pa minibasi ya ku Bvumbwe chikanawavutitsa.

"Mwadzuka bwanji aphunzitsi? Koma mwafulumira pang'ono," anatero a Peterson. "Dzuwa limalowa pano cha m'ma leveni, kudzera pa mpata uwo. Mphepo nayonso imagona nthawi yomweyo. Tiyeni tikhale kaye pa chitsa apa."

"Leveni? Madala, leveni mkwatibwi akhala akutuluka m'tchalitchi."

"Ndiye mubwere mawa. Likhala lilipobe."

"Mawa ndili ndi mafoto a ukwati oti ndikonze. Lili pati duwalo?"

A Peterson analoza. Timaluwato tinali m'munsi, mulingo wa bondo, mbali ya mtengo imene sikufika kuwala, tikulendewera pa kaphesi kowonda kamene kankanjenjemera ndi mpweya uliwonse. Kuti ulione bwino duwa limenelo pankafunika kugwada, ndipo pansi pake panali matope.

"Musanajambule, taweramani kaye mulione ndi maso," anatero a Peterson. "Lili ndi zake mkatimu. Ine chaka choyamba sindinazione, mpaka nditagona chafufumimba."

"Maso anga ndi awa," anayankha a Reginald akugogoda lenzi ndi chala.

Anamanga lenzi yojambulira zinthu zapafupi, n'kuwerama pang'ono chabe, matako m'mwamba, kuteteza suti. Lenzi imeneyi simasewera. Imakuza kanthu kakang'ono, koma imakuzanso kunjenjemera kwa manja, moti ngakhale kupuma kwa wojambula kumaonekera. Zithunzi zoyamba zinatuluka mbuu ngati utsi. Anayatsa fulashi, duwa linatuwa mbee ngati pepala, osaoneka kalikonse.

"Madala, ingothyolani limodzi ndikajambulire kunyumba pa tebulo."

"Iyayi aphunzitsi. Madamu anati likhale pamtengo pake. Komanso ine zaka leveni zonsezi sindinalithyolepo, ndiyambe lero?"

Apa a Reginald anayang'ana wotchi n'kuchita chimene ankadziwa bwino lomwe kuti n'cholakwika. Kamera ya digito ili ndi nambala yotchedwa ISO. Ukaikweza, kamera imajambula mwachangu ngakhale mumdima, koma chithunzi chimadzadza timadontho ta mitundumitundu ngati wachiwaza mchenga. Ojambula amatitcha noyizi. Njira yoipewera si yachinsinsi, ndipo a Reginald ankaiphunzitsa ngakhale kwa anzawo: imika kamera pa miyendo itatu, tsitsa ISO, dikira mphepo ileke, uisiye kamera imwe kuwala pang'onopang'ono. Iwo anaikweza nambalayo mpaka pamapeto penipeni, n'kuthethetsa kakhumi ndi kawiri.

"Zatheka. Zotsalazo tikakonza pa kompyuta."

Maminitsi teni aja sanakwane n'komwe. A Peterson anatsala akuyang'ana suti ya kirimu ikusowa m'nkhungu, akung'ung'udza m'Chilomwe mawu amene ndi bwino kuti aphunzitsiwo sanawamve.

Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, a Reginald anakhala pa tebulo. Anayamba ndi ukwati, pakuti eni ake ankadikira. Anasalaza mkwatibwi, anasalaza operekeza, anachotsa thukuta pamphumi pa abusa. Dzanja litazolowera kale kusalaza, anatsegula zithunzi za duwa n'kusankha chimodzi chimene chinali chakuthwa kuposa zinzake. Kumbuyo kwa duwa, kumene kunayenera kukhala mdima wobiriwira wa msitu, kunali mchenga wokhawokha, wofiira, wabuluu, wachikasu. Anatsegula pulogalamu yochotsera noyizi n'kukoka kabatani kake mpaka pakati. Kumbuyo kuja kunayera bwino, kunasalala.

Akanalekera pomwepo nkhani ino sikanakhalapo. Wojambula wodekha amatsuka kumbuyo kokha, duwalo n'kulisiya mmene kamera inalionera. Koma pa lilime la duwa, kachigawo kam'munsi kotambalala kaja, panatsala timadontho tofiirira toposa makumi awiri, ndi tina tonga tiubweya m'mphepete. Munthu amene anagwadapo n'kuliona duwalo ndi maso akanadziwa kuti mchenga wa kamera ndi uti, zobadwa nazo ndi ziti. A Reginald analibe poyerekeza, chifukwa duwa lenilenilo sanalionepo.

"Noyizi yamakani iyi," anadzilankhulira.

Anakoka kabatani mpaka kumapeto. Tiubweya tinasungunuka, timadontho tina tinazilala, koma tingapo tinakakamira. Ndiye anatenga kachida kaja kochotsera ziphuphu za akwatibwi n'kuyamba kutidina kamodzikamodzi. Munthu anaumira maminitsi teni mumsitu, koma apa anatha ola lathunthu akuwononga mosamala kwambiri! Duwa linatuluka loyera, losalala ngati kandulo. Anakhutira nalo. Anaseva pamwamba pa chithunzi choyambirira monga mwa chizolowezi chawo, poti kompyuta inali yodzadza kale. Zotsala zija anazitaya, khadi la m'kamera n'kulifufuta kukonzekera chinkhoswe cha Loweruka lotsatira. Lolemba anadzera ku ofesi ya esiteti n'kutumiza imelo ku Zomba, kenako anawalembera akazi awo uthenga pafoni kuti ntchito yatheka, ndipo yatheka mwaukatswiri.

Yankho linafika patatha masiku khumi, a Enid atabwerako, maluwa atafota kalekale. Katswiriyo analemba mwaulemu. Anati chithunzicho n'chokongola kwambiri, koma duwalo ndi la mtundu wamba, wopezeka ngakhale m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Mtundu wosowa uja umadziwika ndi timadontho tofiirira pa lilime ndi tiubweya m'mphepete, ndipo ili linalibe.

A Enid nawonso duwalo anali asanalionepo pafupi, choncho anangovomereza kuti agonja. Mtima unawawawa, koma anaona kuti ndi bwino akawauze okha a Peterson. Anasindikiza chithunzicho n'kutsikira nacho kumalayini madzulo a tsiku lomwelo. Anawapeza a Peterson pakhonde, ndipo akazi awo a Vailet anali atangotula dengu lothyolera tiyi.

A Peterson anachigwira chithunzicho patali, anachibweretsa pafupi, anachitembenuza.

"Madamu, ili ndi duwa la ndani?"

"Ndi lanu lija, bambo."

"Ayi. Langa lili ndi timadontho apa, ngati nkhanga. Lilinso ndi tindevu. Ili ndi lina."

A Vailet anasuzumira paphewa pa amuna awo n'kuomba m'manja kamodzi.

"Alisambitsa! Ndi mmene anam'chitira mwana wa achemwali anga pa ukwati wake. Foto itabwera, mayi ake omubereka anafunsa kuti kodi mkamwini wakwatira wina?"

Palibe anaseka. A Enid anakwera chitunda kubwerera kunyumba osaona ngakhale anthu amene ankawapatsa moni. Anawapeza amuna awo pa tebulo paja n'kuwaikira kalata ya katswiri pa kiyibodi.

"Bambo a Stacy, duwa lija linali ndi timadontho?"

A Reginald anawerenga kalatayo kawiri.

"Panali noyizi pang'ono. Ndinaichotsa."

"Munaliona ndi maso anu duwalo?"

"Nthawi inali itatha, mayi."

"Chithunzi choyambirira chili kuti?"

"Ndinaseva pamwamba pake."

"Zinzake zija? Khadi?"

"Ndinafufuta. Kunali chinkhoswe."

Kenako a Reginald, m'malo mopepesa, nkhope inawala ngati munthu amene watola nzeru panjira.

"Musadandaule. A Peterson angobwera adzandilozere pamene panali timadonthoto, ine nditibwezeretsa. Tikonza pa kompyuta."

Kunena zoona, a Enid ndi munthu woleza mtima, pakuti wina akanaiponya kompyutayo pawindo. Iwo anangoti, "Mwachotsa zoona, tsopano mukufuna muikepo zabodza, ine ndikasayinire? Ndikam'namize katswiri, ndikanamize kampani, ndi timadontho tojambula inu? Bambo a Stacy, pa zaka zonsezi ndakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti mugwade."

M'mawa mwake a Enid anayesa zonse zimene zinatsala. Katswiri anati masamba a mitundu iwiriyo ndi ofanana, ndipo sangalembe umboni wa duwa limene sanalione. Bwana wamkulu atapemphedwa kuti adikire chaka chimodzi chokha, anatulutsa kalata ija m'fayilo.

"Mayi, katswiri munasankha nokha, wojambula ndi wa m'nyumba mwanu. Ine ndili ndi kalata yonena kuti duwalo ndi wamba. Inu muli ndi mawu a mlonda. Ku likulu ndikapereke ziti?"

Macheka analowa mu Meyi. Kutatsala tsiku limodzi, a Peterson anapita ndi chikwanje n'kusenda bwinobwino chigamba cha khungwa chimene panali kachomera kaja, n'kukachimangirira ndi luzi ku mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo. Poti kamsitu kolondera kanalibenso, anawasamutsira ku fakitale kukalondera mulu wa nkhuni. Mitengo imene anailondera ili chiimire, tsopano ankailondera itagona, ikudikira moto. Kasupe sanadikire n'komwe kuti bulugamu akule. Mthunzi utachoka, pofika Okutobala panangotsala chithaphwi cha matope chimene ngakhale mbuzi zinkachinyoza. Amayi a kumalayini anayamba kutsikira ku mtsinje wa kuchigwa, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera, asanakayambe kuthyola tiyi.

Miyezi yonseyo a Reginald ankajambulabe maukwati, koma njira ya kumalayini anaileka. Akaona amayi a zidebe akubwera, ankapatukira m'mizere ya tiyi ngati pali chimene wataya. Manyazi anawagwira, ndipo anayenera kuwagwira.

Januwale wa 2009 atafika, a Peterson anatumiza uthenga wachidule kuti mlendo uja wabweranso. Kachomera kaja kanapirira pa mtengo wa mapeyala, ndipo kanatulutsa duwa limodzi lokha. Ulendo uno a Reginald sanadikire Loweruka. Anapempha mnzawo awagwirire makalasi, anavala buluku lakale la kumunda, cha miyendo itatu chili paphewa. Atafika sanatulutse kamera. Anagwada m'matope, nkhope pafupi ndi khungwa, n'kuyang'ana. Timadontho tinali pomwepo, tofiirira, tondandalikana bwino pa lilime la duwa, tindevu tija tili m'mphepete. Anatizindikira tonse, pakuti anali atatidinapo kamodzikamodzi ndi dzanja lawo.

Anaimika kamera, anatsitsa ISO mpaka pansi, nadikira. Mphepo inkati ikagona, mtambo n'kuphimba dzuwa. Mtambo ukachoka, mphepo n'kudzuka. Anakhala chogwada maola awiri, a Peterson ali pambali. Ali pomwepo a Vailet anatulukira kuchokera kuchigwa, chidebe pamutu, thukuta lili kamukamu. Anatula chidebecho n'kuwayang'ana aphunzitsi kuyambira kumutu mpaka ku mawondo a matope.

"Kani mawondo muli nawo, aphunzitsi?"

A Reginald sanachotse diso pa duwalo. Mphepo inaleka, kuwala kunagwera pa duwa, iwo anadina kamodzi. Chithunzicho chinatuluka choyera kumbuyo, chakuthwa kutsogolo, kadontho kalikonse pamalo pake. Kompyuta inalibe choti ikonze.

A Enid anachitumiza ku Zomba, ndipo ulendo uno yankho linabwera tsiku lomwelo. Katswiriyo analemba mosangalala kuti ndi mtundu wosowa uja ndithu, wakhala akuufunafuna kwa zaka zambiri. Anati malo amene unapezekawo asakhudzidwe ngakhale pang'ono, kalata yopita kwa bwana wamkulu ailemba msanga, ndipo iye mwini akubwera sabata yamawa. Anangopempha kuti amuuze njira yokafikira ku kamsituko.

A Enid anasindikiza kalatayo, anapita nayo kunyumba, n'kuiika pa tebulo paja pakati pa maenvulopu a maukwati.

"Akufunsa njira ya ku msitu," anatero. "Muwayankhe ndinu."

A Reginald anaiwerenga n'kuyang'ana pawindo. Kumtunda kunkaoneka mizere ya bulugamu wofika m'chiuno, ndipo m'munsi mwake amayi atatu ankakwera chitunda ndi zidebe. Duwa linali lomwelo, kamera yomweyo, munthu yemweyo. Chimene chinasowa chaka chatha chinali maola awiri ndi mawondo a buluku, ndipo chifukwa cha zimenezo mudzi wonse wa kumalayini ukumwa madzi a kuchigwa mpaka lero. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.